Tsamba la chammwamba pansi pa laser: zimene wogulitsa mbewu angalonjeze

Nyengo yothyola masamba a chammwamba ikafika m'chigwa cha Shire, m'makonde ambiri a ku Nsanje ndi ku Chikwawa mumayalidwa mphasa. Amayi amapulula masamba kunthambi, kuwayanika pamthunzi kuti dzuwa lisawawaule, kenako kuwasinja ndi kuwasefa mpaka ufa utasalala. Zomwezi zikuchitika ku Tete, ku Binga m'mphepete mwa Zambezi, ndi m'minda ya ku Limpopo. Mtengo umene kale unkangokhala mpanda wa bafa ndi ndiwo ya m'nyengo ya chilala tsopano uli m'mabotolo a m'masitolo a mankhwala, ndipo ufa wake ukuwoloka nyanja.

Koma ikani matumba awiri a ufawu patebulo, lina lochokera kudambo la dothi lakuda, lina kumtunda wa mchenga. Onse ndi obiriwira mofanana, fungo ndi limodzimodzi, ndipo palibe diso limene lingasiyanitse. Wogula wa ku Johannesburg kapena ku Ulaya sakhutira ndi kubiriwirako. Amafuna kudziwa kuchuluka kwa kashiamu, ayironi ndi zinki mu kilogalamu imodzi, ndiponso ngati mulibe mtovu. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo malonda a zitsamba ayamba kuyendera mwambi umenewu. Katundu amene alibe chikalata cha kulabotale amagulidwa motchipa, apo ayi amabwezedwa padoko.

Funso limabwerera kwa mwini mbewu

Mlimi katundu wake akabwezedwa, sadandaulira labotale. Amabwerera kwa amene anamugulitsa njere kapena mbande, n'kumukumbutsa zimene zinalembedwa papaketi. Apa ndi pamene nkhani ya michere ya m'masamba imakhudzira ife a malonda a mbewu.

Malamulo amene timayendera anakonzedwa poganizira chimanga, nyemba ndi mtedza. Malabotale a mbewu, monga a ku Chitedze pafupi ndi Lilongwe ndi a ku Chilanga pafupi ndi Lusaka, amayeza kameredwe, chinyezi ndi kuyera kwa mbewu potsatira njira za ISTA, bungwe lakhala likugwira ntchito kuyambira 1924. Malamulo a COMESA ogwirizanitsa malonda a mbewu, amene anavomerezedwa mu 2014, pamodzi ndi dongosolo la SADC, amathandiza kuti mtundu wovomerezeka uwoloke malire mosavuta. Zonsezi zimatsimikizira kuti njere imera ndipo ndi ya mtundu wolembedwawo. Sizinena kanthu za tsamba limene lidzathyoledwe patatha miyezi isanu ndi umodzi.

Pa chammwamba pali vuto linanso. Kwawo kwa mtengowu ndi kumpoto kwa India, ndipo mitundu yodziwika pamsika wa mbewu, PKM-1 ndi PKM-2, inatulutsidwa ndi Tamil Nadu Agricultural University ku Periyakulam. Amene anaikonza ankafuna zitheba zazitali zofewa, zimene anthu a kumeneko amaphika ngati ndiwo. Ife tikuigulira masamba. Komanso njuchi zimasakaniza mungu wa mitengo yoyandikana, choncho njere za mtengo umodzi sizibereka ana ofanana. Kampani yofuna kusankha mtundu wa masamba abwino iyenera kuyeza mitengo mazanamazana, m'malo osiyanasiyana, kwa nyengo zingapo. Ndi njira zakale, ndalama zoyezera zokha zikhoza kumiza ntchito yonse. N'chifukwa chake maso ayamba kuyang'ana njira imene akatswiri amaitcha Laser-Induced Breakdown Spectroscopy, mwachidule LIBS.

Mphaliwali yaing'ono ngati nsonga ya singano

Aliyense amene anaonapo msuzi wa mchere ukusefukira pamoto amadziwa kuti lawi limasanduka lachikasu. Chikasucho chimachokera ku sodiyamu wa mumchere. Mu 1859 ndi 1860, ku Heidelberg m'dziko la Germany, Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anaonetsa kuti chinthu chilichonse choyambirira cha m'chilengedwe, chikatenthedwa kwambiri, chimatulutsa kuwala kwa mitundu yakeyake. Kuwalako kukamwazidwa monga mmene madontho a mvula amamwazira dzuwa kukhala utawaleza, pamaoneka mizere yowala, ndipo mizereyo ili ngati chidindo cha chala: ya kashiamu singakhale ya ayironi.

LIBS imachita zomwezo, kungoti m'malo mwa lawi imagwiritsa ntchito laser. Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba mu 1960 ku California, ndipo pofika 1962 Brech ndi Cross anali ataonetsa kale kuti kuwala kwake kukhoza kusandutsa kachidutswa ka chinthu kukhala nthunzi yoti n'kuwerengedwa. Makina ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito laser ya mtundu wa Nd:YAG, yowala pa mananomita 1064, kuwala kumene diso la munthu silikuona. Nanomita ndi gawo limodzi la mita itagawidwa ka 1,000,000,000.

Galasi limasonkhanitsa kuwalako pa kadontho kochepa kuposa nsonga ya singano, kwa kanthawi kochepa kwambiri kuposa kuphethira kwa diso. Kachidutswa ka tsamba kamaphulika n'kusanduka mpweya woyaka wotchedwa plasma, wotentha pafupifupi madigiri 10,000, kuposa pamwamba pa dzuwa. Khutu limangomva kuti thwa, ngati kuthetheka kwa khala. Poyamba kuwala kwa plasma kumakhala kosokonekera, choncho makina amadikira pang'ono, gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000,000 a sekondi, kuti motowo uyambe kuzizira. Pamenepo mizere imaonekera bwino. Potaziyamu amawala pa 766.5 ndi 769.9, kashiamu pa 393.4 ndi 422.7, maginiziyamu pa 279.6 ndi 285.2, sodiyamu pa 589, zinki pa 213.9, mtovu pa 405.8. Malo a mzere amanena dzina la mchere. Kuwala kwa mzere kumapereka chithunzi cha kuchuluka kwake.

Njirayi inatchuka padziko lonse mu 2012, pamene galimoto ya Curiosity inatera pa Mars itanyamula chida chotchedwa ChemCam, chimene chimawombera miyala ili pamtunda wa mamita 7 n'kuwerenga zili m'kati mwake. Kuno pansi, tizida ta m'manja ta LIBS timagwiritsidwa ntchito posankha zitsulo zakale ndi pofufuza miyala ya lithium, yofanana ndi imene imakumbidwa ku Bikita m'dziko la Zimbabwe. Pa zaulimi, dziko la Brazil ndi limene lapita patsogolo: akatswiri a Embrapa ku São Carlos ndi a University of São Paulo ku Piracicaba akhala akuyeza nayo nthaka, masamba a nzimbe ndi a malalanje kwa zaka zambiri. Ku India, ofufuza a University of Allahabad aigwiritsa ntchito kwambiri pa masamba ndi njere za zitsamba zochizira.

Chimene chikukopa anthu

Njira yokhazikika yoyezera michere imafuna kuti tsamba lisungunulidwe mu asidi waukali wotentha, kenako madziwo alowe m'makina a ICP kapena AAS. Zotsatira zake ndi zodalirika, ndipo ndi zimene ogula akunja ndi mabungwe oona za miyezo amavomereza. Koma asidi woyera amachokera kunja, makina a ICP amamwa mpweya wa argon wambiri, ndipo magetsi akathima pakati pa ntchito zonse zimayambiranso. Malabotale otere ndi ochepa m'chigawo chathu. Kampani yaing'ono imatumiza zitsanzo ku likulu la dziko kapena ku South Africa, n'kudikira masabata, pamene mitengo ya m'munda woyesera ikukula ndipo nthawi yosankha ikudutsa.

LIBS siifuna asidi. Chitsanzo chimodzi chimawerengedwa mu mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo michere yambiri imaonekera nthawi imodzi. Palinso mwayi wina umene njira ya asidi ilibe: popeza laser imaluma kadontho kamodzi, mukhoza kuyenda nayo patsamba lathunthu n'kuona kumene mchere waunjikana, kaya m'mitsempha kapena m'mphepete.

Okonza mbewu ambiri akuidziwa kale njira ina yachangu, ya XRF, imene imagwiritsa ntchito X-ray. Pulogalamu ya HarvestPlus inaidalira posankha nyemba, mchewere ndi mpunga za ayironi ndi zinki wambiri, ndipo pa michere iwiriyi XRF imagwira ntchito bwino. Imafooka ikafika pa michere yopepuka. Maginiziyamu imamuona movutikira, ndipo boroni ndi lithium makina a m'manja samuona n'komwe. Apa LIBS ili ndi mphamvu. Njira ziwirizi zimathandizana ngati khasu ndi nkhwangwa.

Tsamba si chitsulo

Otsatsa makina amakonda kuonetsa munthu ataloza chida patsamba lili pamtengo, nambala n'kutulukira pomwepo. Pa chitsulo zimenezi zimatheka, chifukwa chitsulo n'chimodzimodzi paliponse. Tsamba laliwisi ndi madzi okhaokha mbali yaikulu, ndipo madziwo amaziziritsa plasma n'kufooketsa mizere. Mtsempha uli ndi michere yosiyana ndi ya pakati pa tsamba. Kadontho kamodzi sikangaimire mtengo, ndipo mtengo umodzi sungaimire munda.

Choncho ntchito yeniyeni imachitika laser isanayatsidwe. Masamba amatsukidwa ndi madzi osungunulidwa a kulabotale, amaumitsidwa pa madigiri pafupifupi 60, amaperedwa mpaka kukhala ufa wosalala kwambiri, kenako amapanikizidwa kukhala kambulu kolimba konga piritsi lalikulu. Ofufuza a ku Brazil anaonetsa kuti ufa ukakhala wamisere, zotsatira zimabalalika. Kambuluko kamawomberedwa malo makumi angapo, ndipo makina amatenga nambala yapakati. Chopera chachitsulo chikhoza kusiya tizidutswa take mu ufa n'kukweza nambala ya ayironi, motero pamafunika chopera cha mwala wolimba kapena cha zinthu zopanda chitsulo.

Kenako pali nkhani ya sikelo. Makina a LIBS amaona kuwala. Sadziwa okha kuti kuwalako ndi mamiligalamu angati. Amaphunzitsidwa ndi zitsanzo zimene zinayezedwa kale ndi ICP, ndipo amayesedwa ndi ufa wa masamba wodziwika bwino, monga wa maapulo, wa tomato ndi wa sipinachi umene bungwe la NIST la ku America limagulitsa. Sikelo yophunzitsidwa pa masamba a nzimbe singagwire bwino pa chammwamba, chifukwa kapangidwe ka tsamba kamasintha mmene plasma imayakira. Ndipo mchere ukachuluka kwambiri, monga kashiamu mu chammwamba, mbali yozizira ya plasma imameza kuwala kwina kusanafike pa chowerengera, mzere n'kuoneka wofooka kuposa mmene uyenera kukhalira. Katswiri wodziwa ntchito amasiya mzere wowala kwambiriwo n'kusankha wina wofatsa. Makina akagulidwa popanda munthu wotero, amatulutsa manambala okongola koma abodza.

Zimene laser siiona

Moto wa madigiri 10,000 umaphwanya zonse mpaka pa tizigawo toyambirira. Umaonetsa kashiamu ndi ayironi, koma mavitamini, mapuloteni ndi mankhwala enieni a chitsamba amakhala atapsa. Chitsanzo chomveka ndi Artemisia annua, chomera chimene Tu Youyou ndi anzake ku China anapezamo artemisinin mu 1972, ntchito imene inam'patsa mphoto ya Nobel mu 2015. Mbewu ya chomerachi imagulidwa chifukwa cha kuchuluka kwa artemisinin m'masamba, popeza mafakitale a mankhwala a malungo amalipira zimenezo. Artemisinin anapangidwa ndi kaboni, haidrojeni ndi okosijeni, zinthu zimene zili m'tsamba lililonse, choncho LIBS singamuwerenge mwachindunji. Pamafunika makina ena, a HPLC. Tikumbukirenso kuti bungwe la WHO silivomereza kumwa tiyi wa masamba a Artemisia pochiza kapena popewa malungo, ndipo palibe nambala ya michere imene ingasinthe zimenezo.

Nayitirojeni amavuta chifukwa mpweya umene tikupuma uli ndi nayitirojeni magawo 78 pa 100, ndipo plasma imayatsa mpweyawo pamodzi ndi tsamba. Kuti ayezedwe bwino, chitsanzo chiyenera kukhala mu argon kapena m'chipinda chopopedwa mpweya.

Pa zitsulo zapoizoni mpofunika kusamala koposa. Malangizo a WHO pa mankhwala azitsamba amaika malire a mamiligalamu 10 a mtovu ndi 0.3 a kadimiyamu pa kilogalamu imodzi. LIBS yosamalidwa bwino ikhoza kugwira chitsanzo chimene mtovu wake wapitirira kwambiri, koma 0.3 ya kadimiyamu ili pansi pa zimene makina wamba amatha kuona. Makina akati sanapeze kanthu, sizitanthauza kuti mulibe. Chikalata chotumizira katundu kunja chiyenera kuchokerabe ku labotale yovomerezeka.

Chomaliza, nambala ya m'tsamba si nambala ya m'magazi. Gawo lina la kashiamu wa m'masamba a chammwamba limamangidwa ndi oxalate, ndipo thupi silimuyamwa yense. Ayironi wa m'zomera amalowa m'thupi movutirapo kuposa wa m'nyama. Kulemba papaketi ya mbewu kuti masamba ake amachiza kuchepa kwa magazi ndi kulonjeza zimene makina sananene.

Mbewu kapena nthaka?

Funso lovuta kwambiri kwa wogulitsa mbewu ndi ili: tsamba likakhala ndi zinki wambiri, ulemu upite kwa njere kapena kwa dothi? Kafukufuku wa m'chigawo chathu akutichenjeza. Mu 2011, Allan Chilimba ndi anzake anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti chimanga cholimidwa pa dothi lakuda lopanda asidi, longa la m'chigwa cha Shire, chinali ndi seleniyamu wochuluka mpaka kakhumi kuposa cha m'madera ambiri a Malawi. Mu 2021, magazini ya Nature inasindikiza mapu a pulojekiti ya GeoNutrition, imene munali akatswiri a LUANAR ndi a University of Nottingham, oonetsa kuti michere ya m'mbewu za ku Malawi ndi ku Ethiopia imasintha kwambiri malinga ndi dera. Muzu umapereka zimene wapeza. Ngati zili choncho pa chimanga, palibe chifukwa choganizira kuti chammwamba chingakhale chosiyana.

Dothi limaperekanso zoipa. Ku Kabwe, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, koma nthaka ya m'makomboni oyandikana nawo idakali ndi mtovu wambiri mpaka lero. Mbewu yabwino kwambiri ikabzalidwa pamalo otere, fumbi lokha lokhala pamasamba ndi lokwanira kuwononga katundu ndi kuika ana pachiswe.

Fumbi limanamizanso mwa njira ina. Dothi lofiira lili ndi ayironi wochuluka kwambiri kuposa tsamba, choncho masamba oyanikidwa pafupi ndi msewu amaoneka ngati a mtundu wapamwamba. Apa LIBS imathandiza, chifukwa pa kuwombera komweko imaonetsanso aluminiyamu, silikoni ndi titaniyamu. Ayironi akakwera limodzi ndi atatuwa, mwayeza fumbi.

Msinkhu wa tsamba nawo uli ndi mawu. Potaziyamu, fosifolasi ndi nayitirojeni amasamuka kuchoka m'masamba okalamba kupita kunsonga, pamene kashiamu amakhazikika pomwe wafika, n'kumaunjikana tsamba likamakula. Wothyola nsonga pa mtengo uwu ndi masamba a m'munsi pa mtengo uwo adzapeza kusiyana kumene sikuchokera ku mbewu.

Tsono njira yolekanitsira mbewu ndi nthaka ndi yomwe okonza chimanga amaidziwa kale. Mitundu yonse ibzalidwe pamodzi, mobwereza, m'malo angapo a nthaka zosiyana, kwa nyengo zosachepera ziwiri. Masamba athyoledwe a msinkhu umodzi, tsiku limodzi, ndipo dothi la malo aliwonse liyezedwe. Mtundu umene ukutsogola kudambo, kumtunda ndi kumchenga ndiwo uli ndi kanthu m'magazi mwake. Kuyesa kotere kumabala zitsanzo zikwizikwi, ndipo mpamene changu cha LIBS chimabweza ndalama: makina amasefa zonse, ndipo zochepa zokha, zopambana ndi zokayikitsa, zimapita ku ICP.

Zimene tingachite pamodzi

Makinawa ndi okwera mtengo, ndipo amafuna chipinda chopanda fumbi, magetsi okhazikika, magalasi oteteza maso, ndi katswiri wolipidwa bwino kuti asathawe. Kampani imodzi yogulitsa matumba ochepa a njere za chammwamba pachaka singakwanitse. Mutu umodzi susenza denga. Makina amodzi oikidwa pa yunivesite kapena pa siteshoni ya kafukufuku, amene mamembala amalipira pa chitsanzo chilichonse, angatumikire mayiko angapo, chifukwa kambulu ka ufa wouma n'kopepuka ndipo sikawonongeka msanga panjira.

Chuma chenicheni si makinawo. Ndi nkhokwe ya zitsanzo zathuzathu, zochokera ku nthaka za Shire, Luangwa, Zambezi ndi Limpopo, zoyezedwa kale ndi ICP, zimene sikelo ya makina aliwonse m'chigawo chino ingaphunzirepo. Pamodzi ndi nkhokweyo pafunika mgwirizano wolembedwa wa kathyoledwe, katsukidwe ndi kaumitsidwe ka masamba, kuti nambala ya ku Lusaka ifanane tanthauzo ndi ya ku Maputo. Malangizo a WHO a 2003 okhudza kulima ndi kukolola zitsamba ndi poyambira pabwino. Ndipo ntchito ikafika pa zomera zachilengedwe cha kuno, Pangano la Nagoya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, limafuna chilolezo ndi kugawana phindu ndi eni nzeru. Makampani a rooibos ku South Africa anasaina mgwirizano wotere ndi anthu a mitundu ya Khoi ndi San mu 2019, wowapatsa 1.5 pa 100 ya mtengo wa pamunda.

Chotsala ndi mawu a papaketi. Kampani imene yachita ntchitoyi ikhoza kulemba moona kuti mtundu wake unayesedwa m'malo akutiakuti, m'zaka zakutizakuti, ndipo unaposa mtundu woyerekezera pa zinki kapena kashiamu ndi mlingo wakuti. Singalonjeze nambala imene mlimi adzapeze m'munda mwake, chifukwa theka la yankho lili m'dothi lake. Mlimi wa ku Nsanje akauzidwa zimenezi poyera, adzadziwa kuti ayeze nthaka asanabzale, ayanike masamba kutali ndi msewu, ndipo atumize chitsanzo asanasaine mgwirizano ndi wogula. Katundu wake akadzadutsa padoko, chaka chotsatira adzabweranso kudzagula njere kwa yemwe anamuuza zoona.